TILEMBE MBIRI YA KWATHU KU MWANZA

Mau olankhulidwa kwa ophunzira a Sukulu za Kwacha m'boma la Mwanza

 

Nonse muli pano mwadziŵa kuŵerenga ndi kulemba. Ena mumalemba kale makalata. Ena mumasaina nokha dzina lanu, zodinda chala munasiya. Tsono cholembera mwagwiracho chili ndi ntchito ina imene ndabwera nayo lero. Ntchitoyo ndi kulemba mbiri ya midzi yathu ndi ya tauni yathu ya Mwanza.

CHIFUKWA CHAKE NCHIYANI?

Akale anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Koma mau amagonera ngati alipo woŵasunga. Kale ankasungidwa pabwalo, kumphala ndi pamtondo. Lero ana athu ambiri ali ku Blantyre, ku Tete ndi ku Johannesburg. Nkhalamba ikatisiya imapita nazo zonse: dzina la amene anatema mudzi, kumene mtundu unachokera, ndi mtengo umene unali malire a munda. Maŵa lake mlandu wa malo kapena wa ufumu ukabuka, timangolozana zala, poti palibe cholembedwa. Abale enieni amadana chifukwa cha nkhani imene agogo akadaithetsa ndi mau aŵiri.

MWANZA ALI NDI MBIRI

Wina anganene kuti, "Kwathu kuno kuli mbiri yanji? Si manachesi basi?" Iai. Tamverani.

Malire amene tili nawo ndi Mozambique anachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la m'chaka cha 1891. Malirewo anadula pakati pa abale. Nchifukwa chake mpaka lero maliro akachitika kutsidya kwa Zobue, olira ena amachokera kuno. Anthu a Inkosi Kanduku, amene ndi Angoni a Maseko, ali ndi mbiri ya ulendo wawo. Anthu a kwa Nthache ndi a kwa Govati alinso ndi yawo.

Mseu wathu wopita ku Tete unapititsa amuna ambiri ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Ena anabwerako ndi njinga ndi masutikesi. Ena sanabwerenso, anasanduka machona. Enanso analembedwa ndi Mthandizi, ena ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi 74, ndipo boma linaimitsa ulendowo kwa zaka zingapo. Kodi m'mudzi mwanu anapita ndani? Anabwerako ndani?

M'mwezi wa Okutobala 1967, a Yatuta Chisiza ndi kagulu kawo ka zida analoŵa m'dziko muno kudzera chigawo chathu chino, ndipo a Chisiza anaphedwa pomenyana ndi asilikali a boma. M'mwezi wa Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo, a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani. Boma la nthaŵiyo linati inali ngozi ya galimoto. Kwa zaka 11 anthu ankangonong'onezana. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa. Mlandu unazengedwa mu 1995, ndipo khoti linamasula oimbidwa mlanduwo. Nkhani imeneyi itiphunzitse kuti chimene chalengezedwa si nthaŵi zonse chimakhala chimene chinachitika, ndi kuti chimene anthu wamba anaona ndi maso chili ndi mtengo wake.

Kuyambira cha mu 1986 abale athu othaŵa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza midzi ndi misasa. M'Malaŵi monse anakwana oposa miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992 ndipo ambiri anabwerera kwawo. Mu 2016 enanso anasonkhana kwa Kapise. Amene munagaŵana nawo ufa ndi minda ndinu nomwe. Mu 2003 Neno anapatuka nkukhala boma palokha. Kalembera wa 2018 anaŵerenga anthu 130,949 m'boma la Mwanza. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsa m'minda yathu ana aŵa akuona.

Zimene ndatchulazi zili m'mabuku. Koma mabukuwo amanena za akuluakulu a boma. Sanena za mai amene anaphikira othaŵa nkhondo, kapena za bambo amene anabzala mtengo woyamba wa nachesi m'mudzi mwanu. Zimenezo mulemba ndinu.

TIYAMBE BWANJI?

Choyamba, pitani kwa nyakwaŵa kapena kwa mfumu mukafotokoze cholinga chanu. Mlendo saloŵera kuseri kwa nyumba.

Chachiŵiri, yendani aŵiriaŵiri. Wina azifunsa, wina azilemba. Pamwamba pa tsamba lembani tsiku, mudzi, dzina la wolankhula ndi mfunda wake. Ngati muli ndi lamya ya m'manja yojambula mau, pemphani kaye musanajambule.

Chachitatu, funsani mafunso apafupi. Mudzi uno anayamba ndani? Anachokera kuti? Manda oyamba ali pati? Dzina la mtsinje uwu, la phiri ili, linabwera bwanji? Sukulu, tchalitchi, msika ndi chigayo choyamba zinayamba liti? Mukafunsa, khalani chete. Musamdule mau munthu wamkulu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Lembani mau ake monga waŵanenera, musaŵakometse.

Chachinai ndi zaka. Agogo ambiri sanena kuti "1956". Amati, "Ndinali nditangotha msinkhu." Tsono inu khalani ndi zaka zodziŵika zoti muziyezera. Njala yaikulu inali mu 1949. Ufulu wodzilamulira tinalandira mu 1964. Ndalama za kwacha ndi tambala zinaloŵa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971. Riferendamu inali mu 1993. Njala ina inavuta mu 2002. Namondwe wa Freddy anaomba mu 2023. Mukafunsa kuti, "Pa njala ya 49 munali ndi ana angati?" chaka chimene mukufuna chimapezeka chokha.

Chachisanu, nkhani imodzi ifunseni kwa anthu atatu. Munthu aliyense amakokera kwawo, makamaka pa nkhani ya ufumu ndi ya malo. Akasiyana, musasankhe mbali. Lembani kuti, "Akuti anati chakuti, koma akutiakuti anati chakuti." Inu sindinu oweruza milandu. Ndinu osunga mau.

MUSAIŴALE AMAI

Abambo, apa mundimvetse. Mbiri sili ndi amuna okha. Mai wina wofufuza za mbiri, dzina lake Megan Vaughan, analemba buku la njala ya 1949 limene linatuluka mu 1987. Zambiri anazipeza m'midzi ya m'boma la Blantyre, kwa amai, ndiponso m'nyimbo zawo zapamtondo. Nyimbozo zinasunga za amuna amene anapita kukasuma chakudya osabwerako, ndi za mabanja amene anatha ndi njala. Zimenezi m'mabuku a boma munalibe. Tsono amai, nyimbo zija munkaimba posinja, ndi zija za kuchinamwali zimene mwambo umalola kuimba poyera, zilembeni. Ndi mbiri imeneyo.

MAPEPALA AKALE

M'masutikesi ndi m'madenga muli chuma. Muli zitupa za ulendo, ziphaso za msonkho, makadi a ubatizo, makalata ochokera ku Joni ndi zithunzi. Kutchalitchi kuli mabuku a maukwati. Kusukulu kuli mabuku a maina a ana. Musalande pepala la mwini. Koperani zolembedwazo m'kope lanu, kapena lijambuleni, nkulibweza pomwepo. Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo maina a anthu ali pamenepo, eni ake akadali moyo.

Adani a pepala ndi chiswe, mbeŵa, chinyontho ndi moto. Ikani makope m'chitini chotseka bwino, pamalo okwera ndi ouma. Nkhani iliyonse ilembedwe paŵiri: kope lina kwa mfumu, lina kwa mphunzitsi. Dziŵaninso kuti ku Zomba kuli nyumba ya boma yosunga zolembedwa zakale, National Archives, imene inayamba mu 1947, ndipo ku Chichiri ku Blantyre kuli nyumba yosunga zinthu zamakedzana. Kumeneko amasunga za dziko lonse. Za mudzi wanu adzaziona ngati inu mwayamba mwazilemba.

CHENJEZO

Nkhani zina nzoŵaŵa. Alipo amene anataya abale pa nkhondo, alipo amene anamangidwa popanda mlandu. Munthu akakana kulankhula, musamkakamize. Akati, "Lembani koma dzina langa musatchule," chitani momwemo. Zachinsinsi za kudambwe ndi za kutsimba zisiyeni kwa eni ake. Kope lathu lisakhale nkhuni zokolezera udani.

NTCHITO YATHU

Mutu umodzi susenza denga. Kalasi iliyonse igule kope limodzi lachikuto cholimba. Sabata ino lembani maina a nkhalamba zisanu za m'mudzi mwanu, ndipo muyambire amene ali wamkulu koposa kapena wodwaladwala. Musati tidzapita tikakolola. Pamsonkhano wotsatira kalasi iliyonse idzaŵerenga tsamba limodzi pamaso pa mafumu.

 

MAFUNSO OKAMBIRANA M'KALASI

1. Kodi dzina la mudzi wanu linachokera pati?
2. Tchulani zaka zitatu zimene zingakuthandizeni kupeza chaka chimene munthu anabadwa.
3. Nchifukwa chiyani tiyenera kufunsa nkhani imodzi kwa anthu atatu?
4. Lembani mizere isanu ya zimene agogo anu anakuuzani za njala kapena za ulendo.