Kodi njovu yovala sutiyi tiwapatse ana athu?

(Mau amene mtolankhani wathu analankhula pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi a sukulu za mkaka)



Ine si mphunzitsi, ndipo ku yunivesite ndinachokako ndisanamalize. Chandiimika pano ndi buku limene ndanyamulali, limene ena mwa inu munabwera nalo m'masutikesi pobwerera kumudzi. Ndi nthano ya njovu yotchedwa Babar.

Bukuli linatuluka ku France mu 1931. Analilemba ndi kujambula zithunzi zake ndi Jean de Brunhoff, koma anayambitsa nthanoyi ndi mkazi wake Cécile, pogoneka ana ao. Jean atamwalira mu 1937, mwana wake Laurent anapitiriza kulemba za Babar kuyambira mu 1946.

Nkhani yake ndi yotere. Mlenje aombera mai wa Babar, kamwanako kali pamsana. Babar athawira mu mzinda, kumene gogo wina wolemera amupatsa ndalama. Agula malaya, tayi, suti yobiriwira, chipewa ndi nsapato. Aphunzira masamu, ayendetsa galimoto. Patapita zaka ziwiri asuweni ake, Arthur ndi Celeste, amupeza, ndipo abwerera nao ku nkhalango. Tsiku lomwelo mfumu ya njovu imwalira itadya bowa woipa, ufumu nkupatsidwa kwa Babar.

Ndiyambe ndi zabwino, pakuti zilipo. Zithunzi zake nzooneka bwino kwambiri, moti mwana wosadziwa kuwerenga amatha kutsata nkhani yonse ndi chala. Ndinawerengera mwana wa mlongo wanga, wa zaka zisanu. Titafika pamene njovu yaikazi yagona pansi, mwana wake akulira pambali, anagwira dzanja langa kuti ndisatsegule tsamba lina. Anafunsa kuti, "Malume, ndiye azikhala ndi ndani?" Buku limene limauza mwana zoona zokhudza imfa, popanda kumuopseza, ndi buku laulemu. Ana amasiye amene tili nao m'makomo mwathu angadzione okha mwa Babar.

Koma paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wamng'ono sawerenga malembo, amawerenga zithunzi. Tsono tiyeni tione zimene zithunzizi zikunena.

Babar ali ku nkhalango akuyenda ndi miyendo inai. Atangovala suti akuyenda ndi iwiri, ngati munthu. Pobwerera kwao, iye ndi asuweni ake, amene wawagulira zovala, akwera galimoto. Amai a asuweniwo, amene sanavale, akuthamanga m'mbuyo, zitamba zili m'mwamba kuopa fumbi. Amai ndi abambo, mwana akaona chithunzi chimenechi aphunzirapo chiani za makolo ake a kumudzi?

Nanga ufumu aupeza bwanji? Njovu yokalamba, Cornelius, ingonena kuti mnyamatayu wakhala mu mzinda pakati pa anthu ndipo waphunzira zambiri. Basi, njovu zonse zivomera. Palibe wofunsa ngati akudziwa kumene kumapezeka madzi m'chilimwe. Mlenje uja naye palibe womufunsa mlandu. Inu amene munakhala kunja zaka zambiri mukudziwa kuti suti ndi galimoto sizipatsa munthu nzeru zolamulira anzake. Mwana wa zaka zisanu sadziwa zimenezo.

Izi sindinayambe ndine kuziona. Chaka chimene bukuli linatuluka, ku Paris kunali chionetsero chachikulu chotamanda ulamuliro wa France pa maiko a atsamunda. Mlembi wa ku Chile, Ariel Dorfman, m'buku lake la 1983, anati Babar ndi loto la atsamunda lokwaniritsidwa. Ena amatsutsa. Adam Gopnik analemba mu 2008 kuti nthanoyi imasekanso a French eni ake ndi chikondi chao cha zovala ndi ulemu wa m'tauni. Mwina nzoona, koma nthabwala yotereyi amaimva ndi wamkulu wa ku Paris, osati mwana. Laurent yemwe, amene anamwalira mu 2024, anachita manyazi ndi momwe anajambulira anthu akuda m'buku lake la 1949, napempha kuti lisasindikizidwenso.

Ndiye titani, tilibise? Ine ndikuti ai. Dziko lino linakhazikitsa lamulo loletsa mabuku mu 1968, ndipo tinaona kumene zinatifikitsa. Tisakhale bungwe loletsa mabuku m'nyumba zathu zomwe. Koma tisamusiyenso mwana yekha ndi bukuli. Khalani naye pamphasa. Mufunseni chifukwa chake amai aja akuthamanga pamene ana akwera. Mufunseni ngati iye akadasankha Babar, ndipo chifukwa chiani. Mukatero mufotokozereni nthano ya Kalulu, amene amagonjetsa Njovu ndi Mkango alibe nsapato ngakhale imodzi.

Mdzukulu wa amai anga uja nditamufunsa, anaganiza pang'ono nkuyankha kuti akadatsika m'galimoto kuti akwere amai. Mmera mpoyamba.