Mawu a Mlendo Wolemekezeka kwa Amisiri a Mapulogalamu a Kompyuta

Bambo Wapampando, aphunzitsi athu olemekezeka, makolo amene mwasiya minda ndi malonda kuti mudzaone zipatso za thukuta lanu, ndi inu anyamata ndi asungwana amene lero mukutuluka m'nyumba ino muli amisiri olemba mapulogalamu ndi omanga mawebusaiti, ndikuti zikomo pondipatsa mpando umene sindinauyenere.

Pa 31 Januwale 2017, mmisiri wina wa kampani ya GitLab, imene imasungira anthu a m'maiko ambiri mapulogalamu awo, atagwira ntchito kufikira cha m'ma 11 koloko usiku, ndipo atauza kale anzake kuti wapita kukagona, anaona kuti nkhokwe yachiwiri ya deta yaleka kutsatana ndi yoyamba, nakhalanso pansi kuti aikonze. Koma pofuna kusesa yachiwiriyo, maso atalemera ndi tulo, anasesa yoyamba, imene anthu onse anali kuidalira. Anazindikira m'kamphindi, naimitsa makinawo, koma pa ma gigabyte pafupifupi 300 panatsala 4.5 okha. Njira zisanu zimene a GitLab anaziika zosungira zinthu padera, pamene anazitembenukira, anapeza kuti palibe yodalirika, popeza panalibe munthu amene anali kuziyesa nthawi ndi nthawi. Chimene chinawapulumutsa ndi kope limene mmisiri yemweyo anajambula maola 6 m'mbuyomo, ndipo zonse zimene anthu anaika m'nkhokweyo m'maola amenewo zinapita ngati madzi otayikira pamchenga.

Musamuseke munthuyo, ana anga, pakuti sanali mbuli kapena waulesi. Anali wakhama ngati inu, ndipo khama lomwelo ndilo linamkaniza kupita kumphasa. Ndikudziwa kuti kwathu kuno magetsi akathima masana mumabwezera usiku, ndi kuti ena mudzagwirira ntchito anthu a ku America amene dzuwa lawo limatuluka lathu litapendeka, kotero kuti kugona tambala atalira kudzaoneka ngati ulemu wa ntchito yanu. Koma ngakhale Mlengi, amene satopa, anapatula tsiku la mpumulo. Nanga inu, okhala ndi msana umene umauma pampando ndi maso amene amalasa mukayang'anitsitsa galasi, mudzapirira kufikira liti? Dzukani pampando, tambasulani miyendo, ponyani maso kutali kumitengo, idyani nsima yanu patebulo pamodzi ndi abale, laputopu itatsekedwa. Ndipo lamulo lililonse lofufuta zinthu, ngati mutu walemera, lisiyeni ligone kufikira m'mawa, kapena itanani mnzanu aliwerenge musanadine batani, pakuti safunsa adadya phula.

Ndiponso mudzakumana ndi makasitomala, ena a iwo abale anu enieni, amene aliyense adzati yake ndiyo ya changu, ndi zida zatsopano zimene zimabadwa mwezi ndi mwezi, chilichonse chikukukodolani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ntchito yoyesa ngati zosungidwa padera zingabwezeretsedwe ilibe mwini woikalipira, n'chifukwa chake imatsalira m'mbuyo; iikeni patsogolo pa zokongoletsa.

A GitLab sanamchotse ntchito mmisiri uja. Analemba poyera zonse zimene zinalakwika, naonetsa dziko pa YouTube m'mene anali kukonzera nkhokweyo. Bambo Wapampando, ndaona amayi ayamba kale kukonzekera nthungululu. Masatifiketi aja abwere kuno, tiwapereke.