Wopuma Pantchito Asaleke Kuŵerenga



Tsiku limene wogwira ntchito m'Boma apereka makiyi a ofesi pamodzi ndi a nyumba ya Boma, mpamene amazindikira kuti mzinda sunali kwawo. Akuluakulu amene anasamuka ndi mafayilo kuchoka ku Zomba pamene likulu linapita ku Lilongwe m'chaka cha 1975 anapuma kalekale. Ena mwa iwo anakakamira m'tauni, kumene madzi ngogula, nkhuni nzogula, ngakhale bonongwe amene kumudzi amangomera yekha kuseri kwa nkhokwe ngogulanso. Penshoni yawo inathera kwa eninyumba. Ena anakwera basi nabwerera kwawo, ndipo kumeneko anapeza ntchito imene sanaiyembekezere.

Ntchitoyo ndi yoŵerengera mudzi. Wofika ndi kalata ya kuchipatala amapita kwa iye. Wofuna kulemba fomu ya ngongole amapita kwa iye. Koposa zonse, amene wamva nkhani yomudabwitsa amathamangira kukhonde kwake kukafunsa ngati nzoona.

Kale funso limeneli linali lopepuka. Wailesi ya MBC, imene inayamba m'chaka cha 1964, inali yokha m'dziko muno kwa zaka zambiri, kanema anadzafika m'chaka cha 1999, ndipo nyuzipepala inkafika kumudzi itagona panjira, mwinanso itakulunga usipa. Lero nkhani imafika pafoni basi isanadzuke pa depoti. Pa WhatsApp ndi pa Facebook amalengeza maliro a munthu amene akudya nsima kwake, ndiponso amatchula mitengo ya chimanga imene sinamveke pamsika uliwonse. Mlimi wokhulupirira mphekesera zotere amagulitsa dzinthu zake motaya, nadzalira mu Febuluwale.

Tsono munthu amene kwa zaka makumi atatu ankakana kusayina kalata asanaŵerenge fayilo yonse, ndiye woyenera kufunsa kuti nkhaniyi yachokera kwa yani, ndipo wainena ali kuti. Koma sangathe kutero ngati anatseka mabuku tsiku limene anatseka ofesi. Nyumba zoŵerengera mabuku za National Library Service zilipo ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndipo wopita m'tauni kukaona za penshoni angathe kupatukirako. Asanyoze mabuku a chinenero chake: Nthondo, limene Samuel Ntara analemba nilisindikizidwa m'chaka cha 1933, ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, amakoma mwina kwa munthu wa imvi kusiyana ndi mmene ankakomera ali pasukulu, mkwapulo wa aphunzitsi uli pafupi.

Atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera ali ndi mbali yawo. Nzomvetsa chisoni kuona mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa zaulimi wopuma akungokumbukiridwa pa nthaŵi ya chopereka cha maliro. Amuitane pamsonkhano adzaŵerengere anthu zimene zalembedwadi m'chikalata cha Boma, ndipo kumene kuli sukulu ya kwacha amupatse choko.