LINGA LA SULLY, NYUMBA YOZINGIDWA NDI MADZI

Mtsinje wautali koposa m'dziko la France ndiwo Loire. Pa gombe lace, mamailosi ngati 25 kum'mawa kwa mzinda wa Orléans, paima linga lakale la miyala lochedwa Sully-sur-Loire. Ngalande yaikulu yodzala ndi madzi yalizinga mbali zonse, ndipo madziwo acokera m'kamtsinje kochedwa Sange.

Kodi anthu anamangiranji nyumba pakati pa madzi? Pamalo amenewa panali powolokera Loire, ndipo mwini powolokera ndiye anali ndi mphamvu pa amalonda ndi ankhondo omwe. Cotero anayenera kudzichinjiriza. Madzi a m'ngalande analetsa adani kuimika makwerero pa makoma, kapena kukumba pansi pa maziko kuti khoma ligwe. Polowa panali ulalo wokweza, ndipo ukakwezedwa, njira yatha.

M'caka ca 1395 Guy de La Trémoille anayamba kumanga nyumba yaikulu imene iripo kufikira lero. Mmisiri amene anailinganiza ndiye Raymond du Temple, womanga nyumba za mfumu. Nyumbayo iri ndi ngondya zinai, ndi nsanja yozungulira pa ngondya iri yonse. Pamwamba pa makoma pali kanjira ka alonda, kokhala ndi mabowo pansi pace ogwetseramo miyala pa adani. Koma cozizwitsa koposa ndi tsindwi lace. Amisiri analumikiza mitanda yace mwa luso, kotero kuti munthu akaima m'kati, aona ngati ngalawa yaikulu yovundikira. Mitandayo yakhala zaka zoposa 600.

Anthu omveka anagona m'linga limeneli. Jeanne d'Arc, namwali uja anatsogolera ankhondo a France, anafikamo mu 1429 ndi 1430. Mu 1652 Mfumu Louis XIV, ali mnyamata wa zaka 13, anathawiramo pamodzi ndi amace pa nthawi ya cipanduko ca akuluakulu a dziko.

Koma munthu amene dzina lace limamatira pa lingali ndiye Maximilien de Béthune, nduna yosunga cuma ca Mfumu Henri IV. Iye analigula mu 1602, ndipo mu 1606 anamlonga ufumu wa Sully. Munthuyu anazindikira kuti madzi amene acinjiriza nyumba akhozanso kuiononga, pakuti Loire asefukira koopsa. Tsono analimbitsa makoma a dothi m'mbali mwa mtsinje, kuti nyumba yace ndi mudzi womwe zipulumuke. Atakalamba, anaika makina osindikiza m'linga momwemo, ndipo mu 1638 anasindikiza buku lofotokoza nchito zimene anagwira pamodzi ndi mfumu yace.

Ngalande inatha kuletsa munthu wa makwerero, koma sinathe kuletsa ndege. Pa nkhondo yaikulu yaciwiri, mu 1940 ndi 1944, mabomba anagwa pa mudzi wa Sully, naononganso mbali zina za linga. Mbumba ya Béthune, imene inakhala nalo zaka 360, inaligulitsa kwa boma la cigawo ca Loiret mu 1962, ndipo amisiri anayamba kukonza zoonongeka.

Lero khomo limene kale linatsekedwa poopa adani liri lotseguka kwa alendo. Iwo awoloka ngalande ija mwa mtendere, nakwera kukaona tsindwi lonidwa ndi nkhwangwa za amisiri akale, limene nkhondo ndi madzi omwe zinalephera kuligwetsa.