Intaneti ya Panyumba pa Kompyuta ya Eni Awiri

Pali anthu ena amene amasunga mapulogalamu akuluakulu awiri m'kompyuta imodzi: Windows, wa kampani ya Microsoft, ndi Linux, amene Linus Torvalds anamuyamba ku Finland m'chaka cha 1991. Munthu akayatsa kompyuta yotere, pamaoneka kamndandanda, kawirikawiri ka pulogalamu yotchedwa GRUB, ndipo iye amasankha amene ati agwire ntchito. Awiriwa sagwirira pamodzi ayi. Ali ngati abale obwerekana njinga imodzi: wina akaikwera mnzake amakhala ali mtulo, ndipo aliyense amaisiya monga m'mene iye afunira.

Tsono vuto limabuka tsiku limene intaneti yothamanga yafika panyumba. Mmisiri wa kampani amalumikiza zonse pa Windows, amaona kuti zatheka, natsazika. Madzulo mwini nyumba potsegula Linux amapeza kuli zii. Ambiri amafulumira kudandaula kukampani, chonsecho chovuta chili m'nyumba momwemo.

Choyamba kudziwa nchakuti ntchito yolankhulana ndi kampani isapatsidwe kwa kompyuta. Ipatsidwe kwa kabokosi kotchedwa rauta. Ngati kampani yapereka dzina ndi mawu achinsinsi, zilembedwe m'rautamo kamodzi kokha, polowera pa keyala imene kawirikawiri imasindikizidwa kunsi kwake, monga 192.168.1.1. Zikatero rauta ndiyo imasunga mzere usana ndi usiku, ndipo kompyuta imangopempha keyala yake ya m'nyumba mwa njira yotchedwa DHCP, imene Windows ndi Linux onse amaidziwa popanda wowaphunzitsa. Anthu a ku Britain anaziona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene makampani ankagawa modemu za USB, monga SpeedTouch ya Alcatel, zimene zinkadalira pulogalamu ya m'kompyuta kuti ziyambe ntchito. Pa Windows zinkayenda msanga, koma a Linux ankachezera nazo usiku. Rauta inathetsa mavuto amenewo, pakuti iyo sifunsa kuti wadzuka lero ndani.

Pakati pa rauta ndi kompyuta, njira yodalirika koposa ndi chingwe cha Ethernet, luso limene Robert Metcalfe ndi anzake analiyamba ku Xerox m'chaka cha 1973. Nchakale ndithu, koma ukale wakewo ndiwo ubwino wake, popeza Linux amazindikira pafupifupi chipangizo chilichonse cha mtundu umenewu.

Wi-Fi ndiye ali ndi khalidwe lina. Kachipangizo kake kamafuna pulogalamu yokayendetsa, imene akatswiri amaitcha driver, ndipo zipangizo zina, makamaka zina za kampani ya Broadcom, sizigwira ntchito pa Linux mpaka pulogalamuyo itatengedwa pa intaneti. Apa mpamene munthu amagwira njakata: afuna intaneti kuti atenge pulogalamu, koma afuna pulogalamuyo kuti apeze intaneti. Njira yotulukira ndiyo kubwereka chingwe kwa mphindi zochepa, kapena kulumikiza foni ya m'manja pa USB kuti igawireko kompyuta intaneti yake. Wanzeru amayesa izi asanasinthe kanthu m'kompyuta, pakuti Linux monga Ubuntu amatha kuyatsidwa kuchokera pa fulashi, ndipo pomwepo zimaoneka ngati Wi-Fi wadziwika kapena ayi.

Komabe chosokoneza mutu kwenikweni ndi njinga ija yosiyidwa molakwika. Kuyambira pa Windows 8, wa m'chaka cha 2012, pali chizolowezi chotchedwa Fast Startup. Munthu akalamula kuti kompyuta izime, Windows sazimiratu. Amasunga zina mwa zimene anali nazo kuti mawa adzadzuke mofulumira. Zotsatira zake nzakuti Linux podzuka angapeze kachipangizo ka Wi-Fi kasakuyankha, ndiponso mbali ya Windows ya diski itatsekedwa kuti asalembemo. Dzulo zinkayenda, lero zakana, mawa ziyendanso: matenda otere ndiwo amachititsa munthu kutaya ndalama pogula chipangizo chatsopano pamene chakale chili bwinobwino. Mankhwala ake ndi kuchotsa Fast Startup mu Control Panel, pa gawo la Power Options. Masekondi ochepa amene munthu amataya podikira m'mawa sangafanane ndi mtendere umene amapeza. Zipangizo zina za Ethernet za kampani ya Realtek nazo zadziwika kuti Windows amazisiya zitagona. Zikatero, kuzimitsa kompyuta, kuzula chingwe cha magetsi pakhoma ndi kudikira pang'ono kumazidzutsa.

Wotchi nayo imasokonekera. Linux amalemba m'wotchi ya makina nthawi ya ku Greenwich, pamene Windows amaiwerenga ngati nthawi ya kumene munthu ali. Motero ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, kumene nthawi ili patsogolo ndi maola awiri, wobwerera ku Windows angapeze wotchi itatsalira ndi maola awiri omwewo. Lamulo limodzi pa Linux, lakuti timedatectl set-local-rtc 1, limawagwirizanitsa.

Chotsala ndi nkhani ya m'thumba. Kompyuta ya eni awiri imadya kawiri, chifukwa aliyense amatenga zokonzanso zake pa intaneti, ndipo za Windows nthawi zina zimafika magigabaiti angapo. Kwa amene amalipira mwezi wathunthu mopanda malire, palibe chodetsa nkhawa. Koma banja limene rauta yake imayendera bandulo likhoza kudzuka bandulo itatha, ana asanatumize ngakhale ntchito ya kusukulu. Windows ali ndi chosankha chotchedwa metered connection, chimene chimamuuza kuti intanetiyi njoyezedwa, ndipo iye amachepetsa zotenga, ngakhale kuti zina zofunika kwambiri amatengabe. Pa Linux chosankha chomwecho chimapezeka m'makonzedwe a NetworkManager. Chiyenera kuikidwa mbali zonse ziwiri, monganso mawu achinsinsi a Wi-Fi amalembedwa kawiri, pakuti zimene wauzidwa Windows sizifika m'makutu a Linux.