Mukapita ku Maputo, kaloweni m'nyumba zoonetsera zaluso

Ndapemphedwa kuti ndilankhulepo za nyumba zoonetsera zaluso za ku Maputo, zimene pa Chipwitikizi amati galeria. Ndikudziwa kuti ena chamumtima mukuti, "Ife alimi a chimanga ndi kachewere, zojambulajambula zitithandiza chiyani?" Funsolo ndi loona, ndipo ndiyesa kuliyankha.

Ambirife ku Maputo timapitira matenda, mapepala a boma kapena kukaona ana. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Tikafika, masiku amathera pa mzere, kapena pakhonde pa abale kudikira tsiku lobwerera. Pempho langa ndi lakuti mupatulepo masana amodzi okha, mukwere chapa, mukalowe m'nyumba zimenezi. Muli mbiri yathu, koma ine ndikalowamo ndimapeza alendo akunja ambiri kuposa eni akefe.

Yambirani ku Núcleo de Arte, pa Rua da Argélia. Limeneli ndi bungwe la aluso lomwe lilipo kuyambira nthawi ya atsamunda. Ubwino wa pamenepa ndi wakuti simungoona zopachika pakhoma ayi. Kuseri mumapeza eni ake ali pa ntchito, wina ndi penti, wina akusema mtengo, wina akuwotcherera zitsulo, ndipo mukawafunsa amayankha.

Nkhani ya zitsulozo ikutikhudza tonse. Nkhondo ya zaka 16 ija, imene inathamangitsira ambiri muno ku Malawi, inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Koma mfuti zambiri zinatsala zobisidwa m'midzi ndi m'tchire. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la Conselho Cristão de Moçambique, anayambitsa ntchito yosandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankapereka mfuti n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula, ndipo zidutswa zina anazipereka kwa aluso a ku Núcleo.

Mmodzi mwa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga mpando wa mfuti zokhazokha mu 2001. Chaka chotsatira British Museum ya ku London inaugula, ndipo amene akufuna kuuona ayenera kuwoloka nyanja. Wina, Gonçalo Mabunda, wobadwa mu 1975, watchuka ndi mipando yachifumu ndi nkhope zopangidwa ndi zipolopolo, ndipo mu 2015 ntchito zake zinaonetsedwa ku Venice, m'dziko la Italy. Ine nditaima pafupi ndi mpando wotere ndinazindikira msanga zidutswa za AKM. Sindinafune wondimasulira. Mpando ndi ulamuliro, ndipo uwu wakhazikika pa mfuti. Amene anagonapo m'tchire chifukwa cha nkhondo angaumvetse kuposa mlendo wa madigiri.

Mukachoka apo pitani ku Museu Nacional de Arte, pa Avenida Ho Chi Minh. Kumeneko kuli zojambula za Malangatana, amene anabadwira ku Matalana mu 1936 n'kumwalira mu 2011. Apolisi achinsinsi a atsamunda, a PIDE, anam'manga mu 1964 ndipo anakhala m'ndende miyezi 18. Mukaona nkhope zothithikana, maso otong'oka, mano ali pamtunda, musati munthuyu sankatha kujambula. Ankaonetsa m'mene anthu opanikizidwa amakhalira. Kulinso zosema za Alberto Chissano, amene anamwalira mu 1994, ndipo nyumba yake ku Matola inasanduka malo oonetsera ntchito zake. Amayi, inu mufunseko za Reinata Sadimba, mayi wa Chimakonde wobadwira dera la Mueda mu 1945. Anayamba ndi kuumba miphika ngati mmene amachitira amayi kwathu kuno, kenaka n'kumaumba anthu, ndipo zoumba zake zafika mpaka maiko akunja.

Tsono malangizo pang'ono. Musaope pakhomo, simufunika suti, ndiponso palibe amene angakukakamizeni kugula. Funsiranitu masiku otsegula ndi mtengo wolowera ngati ulipo. Musagwire zoonetsedwazo, chifukwa thukuta la m'manja limaononga penti. Musanajambule ndi foni, pemphani kaye. Zina mudzaziona zachilendo: nsalu zakutha, mabotolo a pulasitiki, zithunzi za zinthu wamba. Musathamangire kuseka kapena kutuluka. Imani pang'ono mudzifunse mafunso atatu: chapangidwa ndi chiyani, wapanga ndani, nanga chikundikumbutsa chiyani?

Kuwerenga kotereku ife sitikuyamba lero. Gule Wamkulu akatuluka pabwalo, maonekedwe a chilombo okha amakhala atalangiza kale, chisanavine n'komwe. Ndi chifukwa chake mu 2005 UNESCO inauika pa mndandanda wa chuma cha anthu onse, m'dzina la dziko lathu, Malawi ndi Zambia. Maso omwewo ndi amene mukalowe nawo m'galeria.

Mawu anga otsiriza apite kwa makolo. M'midzi mwathu muli ana oumba ng'ombe zadothi ndi opanga magalimoto amawaya. Kawirikawiri timawakalipira kuti akutaya nthawi. Kumunda apite, kusukulu apite, koma luso lawolo tisaliphe. Ndipo aliyense wa m'kalabu amene apite ku Maputo chaka chino, pobwera adzatiuze pa wailesi chinthu chimodzi chimene wakaona ndi m'mene wachimvera, kuti amene sangathe kuyenda ulendowo amveko nawo.