PATANI YA PAPEPALA IKAKANA THUPI

Kutsinde kwa phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, kusoka ndi ntchito imene yalera mabanja ambiri. Munthu akayenda pa Migowi, pa Chiringa kapena paboma penipeni tsiku la msika, amamva kulira kwa makina osokera m'makonde a masitolo, ndipo amaona atelala, tepi ili m'khosi, akulemba miyeso ya anthu m'kabuku. Ochuluka mwa iwo amalemba ndi choko pansalu pomwepo n'kudula, popanda pepala lotsatira. Koma alipo ena, makamaka amayi a m'magulu osoka ndi achinyamata ophunzira utelala, amene amagwiritsa ntchito patani yochokera kunja: mapepala opyapyala olembedwa mizere, opindidwa m'envulopu yokhala ndi chithunzi cha deresi lokongola. Nkhani ino ikukamba za mavuto amene osokaŵa amakumana nawo.

Dandaulo lawo ndi limodzi. Mayi wagulitsa nandolo, wagula zitenje ziŵiri, wayala patani pamkeka, watsatira malangizo onse monga momwe waŵamvera. Tsiku loyesa kuvala, pachifuŵa pali khwekhwerere, m'munsi mwa chiuno mwathina, zipi yakana kukwera. Nsalu ikadulidwa siibwerera, ndipo ndalama ya nandolo yaloŵa m'madzi. Pamenepo wina amati mutu wake ndi wouma. Wina amati thupi lake ndi losaumbika bwino. Zonse ziŵiri si zoona. Patani inajambulidwira thupi lina ndi nsalu ina, ndipo wosoka akadziŵa zimenezi amaleka kuiwopa nayamba kuilamula.

Mapatani ogulitsa a masayizi osiyanasiyana anatchuka ndi telala wina wa ku Massachusetts m'dziko la America, Ebenezer Butterick, m'chaka cha 1863. Pambuyo pake panabwera James McCall mu 1870, ndipo kampani ya Simplicity inayamba mu 1927. Ku Germany, Mayi Aenne Burda anayamba kusindikiza magazini ya zovala mu 1950. Ameneŵa ndiwo ena mwa maina amene amaoneka pa maenvulopu ofika ku Malaŵi. Cholinga chawo chinali chabwino: kuti mayi wapakhomo asoke yekha chovala chooneka ngati chamusitolo. Koma patani imodzi imasindikizidwira anthu zikwizikwi amene kampaniyo sinaŵaonepo. Motero kampani imayerekeza thupi limodzi lapakatikati, ndipo masayizi onse amangokulitsidwa kapena kuchepetsedwa kuchokera pa thupi limenelo.

Nanga thupi lapakatikatilo ndi la yani? M'zaka za 1939 ndi 1940 boma la America linayeza amayi pafupifupi 15,000 pofuna kuthandiza opanga zovala ndi mapatani. Lipoti lake, limene analemba Ruth O'Brien ndi William Shelton, linatuluka mu 1941, ndipo miyeso imene inaŵerengedwa m'menemo inali ya amayi achizungu okhaokha. Izi zikuonetsa munthu amene opanga mapatani anali naye m'maganizo. Mayi wa kwa Nazombe kapena kwa Mkhumba, amene amalima, kusinja ndi kusenza ndowa pamutu, sanali m'chiŵerengerocho.

Manambala a kuseri kwa envulopu amanena zimenezi poyera. Pa mapatani a ku America a amayi, sayizi 14 ili ndi masentimita 92 pachifuŵa, 71 m'chiuno ndi 97 m'munsi mwa chiuno, pamene atelala amati m'mahipi. Ndiko kunena kuti m'mahipi mumaposa pachifuŵa ndi masentimita asanu okha. Msinkhu wa mayi woyerekezedwayo ndi masentimita 165 kufikira 168. Amayi ambiri saumbidwa chotero. Alipo a masentimita 92 pachifuŵa amene m'mahipi ali ndi 107. Mayi wotere akasankha sayizi yokwana pachifuŵa, siketi imathina; akasankha yokwana m'mahipi, mapeŵa a deresi amagwera m'mikono ndipo khosi limayasama.

Msampha wina ndi nambala ya sayizi yeniyeniyo. Mayi amene anazoloŵera kutola deresi lolembedwa 12 pa kaunjika amaganiza kuti patani yake ndi ya 12. Koma manambala a zovala zamusitolo amasiyana ndi a mapatani, ndiponso a ku Britain amasiyana ndi a ku America. Nambala yapakolala siithandiza konse. Chothandiza ndi tepi.

Kenaka pali chinenero. Malangizo amalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri osoka, chimene chimasokoneza ngakhale munthu wofika Fomu 4, ndipo zambiri zimanenedwa ndi zizindikiro chabe. Muvi wautali wapakati pa pepala umayenera kulingana ndi m'mphepete mwa nsalu. Ukapendekeka, deresi limapotoka likachapidwa. Timakona ta m'mbali timasonyeza pamene zidutswa ziŵiri ziyenera kukumana. Chidutswa china chimayenera kuikidwa popindikira nsalu. Wosoka akadula pamenepo, kutsogolo kwa deresi kumatuluka kuli zigaŵo ziŵiri. Pepala limodzi limathanso kukhala ndi mizere ya masayizi asanu yoyandikana, ndipo diso likasokera pang'ono, sizasi imachoka pa mzere wa 14 n'kukaloŵa pa wa 12.

Nkhani ya msoko yapweteka ambiri. Mapatani a Butterick, McCall's ndi Simplicity amakhala ataŵerengera kale sentimita imodzi ndi theka ya msoko. Wosoka akaonjezera ina, monga momwe anazoloŵerera podula ndi choko, chovala chimakula. Mapatani a m'magazini ya Burda, iwo, amajambulidwa popanda gawo la msoko. Wosoka akaiŵala kuonjezera, chovala chimachepa mbali zonse. Choncho mizere ingapo ya malangizo, imene ambiri amaidumpha pofulumira kudula, ndiyo imaŵeruza tsogolo la nsalu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nsalu nayo ili ndi mawu ake. Chithunzi chapaenvulopu kaŵirikaŵiri chimaonetsa nsalu yofeŵa imene imagwa bwino pathupi, pamene chitenje chatsopano ndi cholimba. Muyeso wa nsalu wolembedwa pamenepo suŵerengera maluŵa akuluakulu kapena mzere wam'mphepete wa chitenje, zimene zimafuna nsalu yambiri kuti zikumane bwino pamsoko. Chitenje cha thonje chimathanso kufupika chikachapidwa koyamba, ndipo n'chifukwa chake kuli kwanzeru kuchichapa ndi kuchisita chisanadulidwe.

Kusintha patani si chinthu chachilendo kuno. M'chaka cha 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kavalidwe, limene linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba maondo pagulu. Nthaŵi imeneyo mapatani ambiri a ku Ulaya ndi ku America anali a madresi aafupi. Amayi osoka anaphunzira kudula pepala pakati, kulitalikitsa ndi kumatapo lina kuti chovala chifike pansi pa maondo. Lamulolo linathetsedwa pamene dziko linkaloŵa m'ndale za zipani zambiri, koma luso limene amayiwo anaphunzira ndi lomwelo limene likufunika lero.

Njira yake ndi iyi. Poyamba, wosoka ayeze thupi pachifuŵa, m'chiuno, m'mahipi ndi kuchokera pakhosi kumbuyo kufikira m'chiuno, tepi isathine ndipo isalendeŵere. Ya deresi kapena bulauzi, sayizi aisankhe potsata pachifuŵa, pakuti mapeŵa ndi khosi ndizo zovuta kukonza. Ya siketi aisankhe potsata m'mahipi. Kenaka asadule pepala la kampani. Alijambule pa nyuzipepala kapena pa pepala la thumba la simenti, ndipo zosintha zonse azichitire pamenepo. Pepala la kampani ndi losalimba, ndipo likasungidwa lathunthu pouma limathandiza gulu lonse kwa zaka.

Masamu ake ndi apafupi. Mayi uja wa masentimita 107 m'mahipi akuposa muyeso wa sayizi 14 ndi masentimita khumi. Deresi lili ndi misoko iŵiri yam'mbali, ndipo msoko uliwonse uli ndi nsalu yakutsogolo ndi yakumbuyo. Pamodzi ndi mbali zinayi. Khumi kugaŵa kanayi ndi masentimita aŵiri ndi theka. Wosoka aonjezere muyeso umenewo m'mahipi pa pepala lakutsogolo ndi lakumbuyo, ndipo ajambule mzere wokhota pang'onopang'ono kubwerera m'chiuno. Ngati mayiyo ndi wamfupi, pepala alipinde pa mizere iŵiri yoyandikana imene kampani inaikira ntchito imeneyi, osati kungodula m'munsi, kuti chiuno cha deresi chikhale pa chiuno cha munthu. Pomaliza, ayambe wasoka chovalacho pa nsalu yakale, monga nsalu yapabedi yakutha, ndi misoko yotayana. Cholakwa chikaonekera pamenepo, chitenje chimapulumuka.

Masiku ano mapatani ena amabwera kudzera pa intaneti, ndipo munthu amakaŵasindikiza pa mapepala ambiri n'kuŵamata pamodzi. Apa pabuka vuto latsopano. Pepala lolembapo la ku America ndi losiyana kukula ndi la A4 limene limapezeka kuno, ndipo makina osindikizira akasiyidwa kuti adzikonzere okha, amachepetsa kapena kukulitsa patani yonse. Opanga mapatani otere amaikapo kabokosi koyesera kolembedwa muyeso wake. Kabokosiko kayezedwe ndi tepi. Kakapereŵera, ntchito isapitirire.

Telala wapakhonde pa Migowi ndi mayi wa patani yapapepala ali ndi zophunzitsana. Patani imadziŵa kajambulidwe ka kolala, ka mkono ndi ka masitayilo amene telala sanaŵasokepo. Telala amadziŵa matupi a anthu a kwawo, amayeza munthu amene waima patsogolo pake, ndipo amasiya nsalu yokwanira m'kati mwa msoko kuti deresi lidzamasulidwe mwini wake akadzanenepa. Wophunzira kusoka amene atenga nzeru zonse ziŵirizi sadzaononganso chitenje chifukwa cha nambala yapaenvulopu. Pepala likanena zina, tepi n'kunena zina, iye atsatire tepi.